Kodi demokalase ingayezedwe pa sikelo?

Chaka chilichonse, miyezi ya February ndi March ikafika, mabungwe angapo akunja amatulutsa mindandanda ya mayiko yosonyeza amene akuchita bwino pa demokalase ndi amene akubwerera m'mbuyo. Dziko likakwera, nduna yofalitsa nkhani imachemerera. Likatsika, otsutsa boma amanyamula lipotilo n'kuthamangira nalo kwa atolankhani. Koma ndi ochepa amene amafunsa kumene nambalayo yachokera. Chimanga timayeza pa sikelo, mvula timayeza m'mamilimita. Nanga ufulu wa anthu amauyeza ndi chiyani?

Yankho lake ndi lakuti amauyeza ndi anthu. Bungwe la Freedom House la ku America, lomwe lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira m'ma 1970, limapatsa dziko lililonse malikisi osapitirira 100. Mwa malikisiwa, 40 ndi a ufulu wa ndale ndipo 60 ndi a ufulu wa munthu pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, monga kulankhula, kupembedza ndi kusonkhana. Mlingo wina wotchedwa Polity, womwe anayambitsa Ted Robert Gurr, umayika mayiko pakati pa -10 ndi +10 ndipo umabwerera m'mbuyo mpaka chaka cha 1800. Waukulu kuposa yonse masiku ano ndi V-Dem wa ku yunivesite ya Gothenburg ku Sweden. Iwowa amafunsa akatswiri masauzande angapo, kawirikawiri asanu pa funso lililonse la dziko lililonse. Amafunsa zinthu monga izi: kodi atolankhani amazunzidwa kangati, kodi boma limamvera makhothi akaligamula mokhwima, kodi bungwe loyendetsa chisankho ndi loima palokha? Popeza katswiri wina ndi wouma dzanja pomwe wina ndi wopatsa, pali masamu amene amayesa kuwongola kusiyanako asanaphatikize mayankho.

Choncho nambala ya demokalase ndi maganizo a anthu odziwa, oikidwa mwadongosolo. Zimenezi sizikuichotsera phindu, pakuti ngakhale malikisi a mayeso a MSCE amachokera kwa anthu ochonga. Koma zimatanthauza kuti wochonga akhoza kutengeka ndi mphepo ya nthawi yake. Zaka zapitazi akatswiri awiri, Andrew Little ndi Anne Meng, anautsa mtsutso waukulu atafunsa ngati demokalase ikufadi padziko lonse monga malipoti amanenera, kapena ngati ochongawo ndi amene ayamba kutaya mtima chifukwa cha nkhani zoipa zomwe amawerenga tsiku ndi tsiku. Iwo atawerenga zinthu zosafuna maganizo a munthu, monga kuchuluka kwa atsogoleri olamula amene amagonja pa chisankho, sanapeze kutsika kwakukulu. A V-Dem anayankha kuti wopondereza wamakono satseka chisankho, amangofinya makhothi ndi atolankhani pang'onopang'ono, ndipo zotere sungaziwerenge ndi zala. Mtsutsowo sunathe.

Panali kale gulu lina la akatswiri lomwe linkakana malikisi a mtunduwu. Adam Przeworski, wobadwira ku Poland, ndi anzake anati dziko ndi la demokalase kapena si la demokalase, palibe zapakatikati. Muyezo wawo unali wosavuta kuumva: demokalase ndi dongosolo limene zipani zimagonja pa chisankho. Ngati chipani cholamula sichinagonjepo n'kutula pansi udindo, sitingadziwe zimene chingachite chitagonja. Lamuloli linagwira Botswana pakhosi. Dziko limene aliyense ankalitama mu Africa iwo analiika m'gulu la mayiko opanda demokalase, chifukwa chipani cha BDP chinali chisanagonjepo kuyambira 1966. Anavomereza okha kuti mwina akulakwira Botswana, koma anati kuli bwino kulakwitsa motsatira lamulo limodzi kusiyana n'kumasinthasintha muyezo poyang'ana nkhope. Mu October 2024 BDP inagonja, Mokgweetsi Masisi anapereka mpando kwa Duma Boko popanda phokoso, ndipo funso lomwe linakhala zaka 58 lopanda yankho linayankhidwa m'masiku ochepa.

Chuma ndi demokalase: chimayamba n'chiti?

Funso limene ladya nthawi ya akatswiri kuposa lina lililonse ndi la ubale wa chuma ndi demokalase. Mu 1959 Seymour Martin Lipset wa ku America anaika mayiko a ku Ulaya, olankhula Chingerezi ndi a ku Latin America m'magulu, n'kuyerekeza ndalama zimene anthu amapeza, kuchuluka kwa madokotala, magalimoto, mawailesi, anthu odziwa kuwerenga ndi okhala m'mizinda. Anapeza kuti mayiko a demokalase yokhazikika anali patsogolo pafupifupi pa chilichonse. Anthu ambiri anamva uthengawo motere: dziko liyambe lalemera, demokalase ibwera yokha. Olamula ambiri a chipani chimodzi mu Africa ankalankhula zofanana ndi zimenezi ngakhale kuti mwina Lipset sanamuwerengepo. Ankati anthu akufuna chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, za zipani zambiri zidikire.

Vuto la chithunzi cha Lipset ndi lakuti zinthu ziwiri kupezeka pamodzi si umboni woti china chinabereka chinzake. Mukayenda m'mudzi mupeza kuti nyumba za malata ndi zimene kawirikawiri muli ana ofika ku sekondale. Malata saphunzitsa mwana. Chilipo chachitatu, ndalama ya fodya kapena m'bale wa ku Joni, chimene chinagula malata n'kulipiranso fizi. Mwinanso mwana wophunzirayo ndi amene anagula malatawo atayamba ntchito. Pa nkhani ya mayiko, njira zitatu zonsezi n'zotheka, ndipo kwa zaka zoposa 60 akatswiri akhala akuyesa kuzisiyanitsa.

Przeworski ndi Fernando Limongi anaswa funsoli pakati mu 1997. Anatenga mayiko 135 kuyambira 1950 mpaka 1990, n'kuwerenga chaka ndi chaka kuti ulamuliro wankhanza unagwa liti ndiponso demokalase inagwa liti. Anapeza kuti kubadwa kwa demokalase sikudikira chuma. Olamula mwankhanza amagwa pa zifukwa zambirimbiri: kugonja pa nkhondo, imfa ya mtsogoleri, kukangana kwa asilikali, kukakamizidwa ndi mayiko akunja. Chimene chuma chimachita ndi kusunga demokalase ikabadwa. M'mayiko osaukitsitsa, momwe munthu ankapeza ndalama zosafika madola 1,000 pa chaka, demokalase inkayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 8 basi. Koma m'nthawi yonse imene anafufuzayo, palibe demokalase imene inagwa m'dziko lolemera kuposa mmene Argentina inalili mu 1975, pamene munthu ankapeza madola 6,055 pa chaka. Ndiye kuti mayiko olemera a demokalase achuluka chifukwa kumeneko demokalase ikalowa situluka, pomwe kwa osauka imalowa n'kutuluka.

Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene waonapo ndale zathu. Kumene boma ndilo bwana wamkulu wolemba ntchito, wopereka makontrakiti ndi wogawa makuponi, kugonja pa chisankho kuli ngati kuchotsedwa pamphika. Wogonja amataya zonse, ndiye amalimbana mpaka mapeto. Kumene munthu angachoke m'boma n'kukapeza moyo wabwino kwina, kuvomereza kugonja sikupweteka kwambiri.

Kenaka mu 2008 Daron Acemoglu, Simon Johnson, James Robinson ndi Pierre Yared anafunsa funsoli mwa njira ina. Anati tisiye kuyerekeza Norway ndi Niger, chifukwa mayiko awiriwa amasiyana pa zinthu zosawerengeka: mbiri, atsamunda, nyengo, malo. Tiyerekeze dziko lililonse ndi ilo lomwe. Kodi dziko likalemera kuposa mmene linalili zaka zisanu zapitazo, demokalase yake imakula? Mlimi amadziwa nzeru imeneyi. Ukafuna kudziwa ngati feteleza wagwira ntchito, suyerekeza munda wako wa mchenga ndi dimba la mnzako, umayerekeza munda womwewo chaka chino ndi chatha. Atachita zimenezi, ubale wa chuma ndi demokalase unazimiririka. Iwo anati chimene timaona ndi zotsatira za njira zosiyana zimene mayiko anatenga zaka mazana apitawo, njira zina zinabweretsa chuma ndi ufulu pamodzi, zina umphawi ndi kupondereza pamodzi.

Mu 2019 Acemoglu ndi Robinson, pamodzi ndi Suresh Naidu ndi Pascual Restrepo, anatembenuza funsolo: kodi demokalase imabweretsa chuma? Anapeza kuti dziko likasintha kulowa mu demokalase, pakatha zaka 25 chuma cha munthu mmodzi chimakhala chokwera ndi pafupifupi 20 peresenti kuposa mmene chikanakhalira. Chimene ine chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi msampha umene anauzindikira. Mayiko ambiri amasintha ulamuliro chuma chitangogwa kumene, chifukwa mavutowo ndi amene amakwiyitsa anthu. Wosasamala angaone umphawi umene uli pozungulira chaka cha kusinthako n'kunena kuti demokalase ndiyo yawononga. Ife tikukumbukira mmene zinalili: chilala choopsa cha 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika mu March chaka chomwecho, mayiko opereka thandizo kuimitsa thandizo losakhala la chakudya ndi mankhwala mu May, kenaka riferendamu ya pa 14 June 1993 pamene nyali inapambana tambala wakuda. Matipate anafika panyumba yomwe munali kale njala.

Acemoglu, Johnson ndi Robinson analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2024. Izi sizikutanthauza kuti mtsutso unatha. Alipo akatswiri, monga Carles Boix ndi Susan Stokes, amene anaonetsa kuti ukabwerera m'mbuyo mpaka zaka za m'ma 1800, chuma chimaoneka kuti chinathandizadi kubala demokalase ku Ulaya. Yankho limasintha malinga ndi zaka zimene wasankha, mayiko amene waphatikiza ndi mlingo wa demokalase umene wagwiritsa ntchito. Komanso 20 peresenti ija ndi avereji ya mayiko ambiri. Si lonjezo kwa dziko lililonse, ndipo Mmalawi amene amagula sopo lero safunika katswiri kuti amuuze zimenezo.

Midzi inayi ya m'malire

Dokotala akafuna kuyesa mankhwala amagawa odwala m'magulu awiri mwamaere, ena n'kuwapatsa mankhwala, ena ayi. Wofufuza ndale sangagawe mayiko mwamaere. Chimene angachite ndi kufunafuna malo amene mbiri inagawa anthu ofanana mosaganizira. Kafukufuku wina wotchuka kwambiri wa mtunduwu anachitikira pakhomo pathu pomwe.

Malire a Malawi ndi Zambia anajambulidwa ndi Angerezi motsatira mtunda wogawa madzi opita ku nyanja ya Malawi ndi opita ku mtsinje wa Luangwa. Sanafunse kuti pakhala ndani. Achewa anagawika pakati, Atumbuka chimodzimodzi. Daniel Posner anapita m'midzi inayi mu 2001: Mkanda wa ku Malawi ndi Mkanda wa ku Zambia kwa Achewa, Kapopo ku Malawi ndi Mwase Lundazi ku Zambia kwa Atumbuka. Anafunsa anthu kusiyana kwa miyambo ya mitundu iwiriyi, ndipo mbali zonse za malire anatchula zofanana: gule wamkulu ndi vimbuza, chikamwini ndi lobola, chinenero. Koma atafunsa ngati munthu angavotere pulezidenti wa mtundu winawo, kapena kukwatirana nawo, mayankho anasiyana kwambiri. Ku Malawi oposa theka ananena kuti sangakwatirane ndi wa mtundu winawo, pomwe ku Zambia anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Pa za kuvota, okana ku Malawi anali ochuluka pafupifupi katatu kuposa ku Zambia.

Miyambo ndi yomweyo, chinenero n'chomwecho, ena ndi achibale enieni. Chasiyana n'chiyani? Posner, polemba zotsatirazi mu 2004, anati chasiyana ndi kukula kwa bwalo. Malinga ndi ziwerengero zimene anagwiritsa ntchito, ku Malawi Achewa anali pafupifupi 28 peresenti ya anthu onse ndipo Atumbuka 12 peresenti, magulu aakulu mokwanira kuti wandale amangepo chipani. Ku Zambia anali 7 ndi 4 peresenti. Wandale wa ku Chipata kapena ku Lundazi amene angadalire Achewa okha kapena Atumbuka okha sangafike patali, ndiye amawasonkhanitsa onse monga anthu a kum'mawa, oyang'anizana ndi Abemba, Atonga ndi Alozi. Chisankho cha 1994 chinali chitaonetsa kale mmene bwalo la ku Malawi linagawikira: Bakili Muluzi 47 peresenti makamaka kummwera, Kamuzu Banda 33 makamaka pakati, Chakufwa Chihana 19 makamaka kumpoto.

Kafukufukuyu amaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri padziko, ndipo ayenera. Komabe wowerenga wa kuno ali ndi ufulu wokweza nsidze. Midzi inayi ndi yochepa. Ndipo malirewo sanangosintha kukula kwa magulu, anaikanso anthu pansi pa maboma awiri osiyana. Mtumbuka wa ku Malawi anaona chinenero chake chikuchotsedwa pa wailesi mu 1968, anaona aphunzitsi akubwezedwa kuzigawo zakwawo mu 1989. Mnzake wa ku Lundazi sanaone zotere pansi pa Kenneth Kaunda. Posner anazidziwa izi ndipo anayesa kuziyankha, koma mayankho a m'midzi inayi sangalekanitse bwinobwino bala la mbiri ndi masamu a wandale. Ine ndimaona ngati zonse ziwiri zinagwira ntchito, china chikudyetsa chinzake.

Kufunsa eni ake

Njira ina ndi kusiya akatswiri n'kukafunsa anthu wamba. Afrobarometer inayamba mu 1999, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko oyambirira. Kuno ntchitoyi yakhala ikuyendetsedwa ndi Centre for Social Research ya yunivesite ya Malawi ku Zomba. Amafunsa anthu 1,200 kapena 2,400, ndipo nthawi zonse pamakhala wina wonyoza kuti anthu 1,200 angalankhulire bwanji dziko la anthu oposa 17 miliyoni, ineyo bwanji sanandifunse. Mayi wophika sadya mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakwana. Amatakasa kaye, n'kulawa pang'ono. Chinsinsi chili pa kutakasako. Madera amasankhidwa mwamaere kuchokera pa mapu a kalembera, nyumba zimasankhidwa poziwerenga motsatira dongosolo osati mokonda, ndipo amasinthanitsa abambo ndi amayi. Zikatero, anthu 1,200 amapereka yankho lomwe kawirikawiri silitalikira choonadi kupitirira mapointi atatu uku kapena uku. Mavoti a pa Facebook kapena mafoni a pa wailesi, ngakhale atakhala 50,000, ndi ndiwo zosatakasa.

Ofufuzawa amadziwa kuti pali zovuta zimene masamu sangachotse. Mawu oti demokalase sakhala ndi tanthauzo limodzi m'mutu mwa aliyense: wina amamva ufulu wolankhula, wina zipani zambiri, wina chitukuko, wina kusamvera kwa ana a masiku ano. Palinso mantha. Kumapeto kwa mafunso, Afrobarometer imafunsa munthu kuti akuganiza kuti watuma ofufuzawo ndani, ndipo m'mayiko ambiri anthu ochuluka ndithu amayankha kuti ndi boma. Funso limenelo limathandiza kuona ngati woganiza kuti akulankhula ndi boma amayamikira pulezidenti kuposa anzake.

Tipeksi ndi malire a masamu

Manambala amagwiritsidwanso ntchito pofufuza kubera mavoti. Munthu akamapeka manambala m'mutu salemba mwachisawawa monga amaganizira, amakonda manambala ena n'kupewa ena. Bernd Beber ndi Alexandra Scacco anagwiritsa ntchito mfundoyi poyang'ana nambala yomaliza pa zotsatira za ku Nigeria za 2003 ndi za ku Iran za 2009. Ofufuza ena a ku Austria anaonetsa mu 2012 kuti ku Russia ndi ku Uganda kunali malo ambiri modabwitsa omwe pafupifupi aliyense anavota ndipo pafupifupi onse anavotera wolamula. Zoterezi ndi utsi, zimakuuza pokayang'ana, koma sizikuuza amene wayatsa moto.

Njira yodziwika kwambiri kuno ndi yowerengera mavoti pambali. Oyang'anira chisankho amatumizidwa ku malo oponyera voti osankhidwa mwamaere, amatumiza zotsatira za pamalopo, ndipo likulu lawo limawerengera kuti zotsatira za dziko lonse ziyenera kugwera pakati pa nambala iyi ndi iyi. Pa chisankho cha pa 21 May 2019, bungwe la MEC linalengeza kuti Peter Mutharika wapeza 38.57 peresenti, Lazarus Chakwera 35.41 ndipo Saulos Chilima 20.24. Bungwe la MESN, lomwe linawerengera pambali, linati manambala a MEC akugwera mkati mwa mpata umene linapeza. Koma pa 3 February 2020 majaji asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa chisankhocho, ndipo khothi la Supreme linagwirizana nawo mu May.

Ambiri anaona ngati mmodzi mwa awiriwa wanama. Chenicheni n'chakuti ankayankha mafunso osiyana. Kuwerengera pambali kumafunsa ngati chiwerengero chomaliza chikufanana ndi zimene zinatuluka pamalo oponyera voti, ndipo opikisana akasiyana ndi mapointi atatu okha, mpata wa kulakwitsa umakhala waukulu poyerekeza ndi kusiyanako. Khothi linafunsa ngati MEC inatsata malamulo. Linapeza mapepala ofufutidwa ndi tipeksi, mapepala ena osakhala enieni, ena osasainidwa, ndipo linati zolakwikazo zinali ponseponse komanso zazikulu moti zotsatirazo sizingadaliridwe. Silinanene kuti uje ndiye anapambana.

Chigamulocho chinasinthanso tanthauzo la nambala. Majajiwo anati mawu a m'malamulo onena za mavoti ochuluka amatanthauza kupitirira theka, chimene tonse tsopano timangoti 50+1. Muluzi analowa m'boma ndi 47 peresenti, Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi pafupifupi 36, Peter Mutharika mu 2014 ndi 36. Nambala yonga imeneyo, yomwe kwa zaka 25 inali chipambano, inasanduka yoperewera. Zipani zinawerenga masamu atsopanowo msanga n'kuyamba kupanga migwirizano, ndipo pa 23 June 2020 Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 peresenti.

Tikabwerera ku muyezo wouma wa Przeworski uja, wongowerenga olamula amene anagonja n'kuchoka, Malawi ali ndi anayi: Kamuzu mu 1994, Joyce Banda mu 2014, Peter Mutharika mu 2020, ndi Chakwera mu September 2025, yemwe anavomereza kugonja MEC isanalengeze kuti Mutharika wapeza pafupifupi 57 peresenti. Pa kafukufuku wake wa 1997 uja, demokalase ya dziko losauka chonchi inkayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 8. Yathu yadutsa 30.